Mutu 6: Nyenyezi Yophethira Masana

1. Nkhono ndi chigoba chake

Anthu ambiri akamva zoti wakutiwakuti ndi katswiri wa nyenyezi amaganiza za munthu wokhalira kuyang'ana kumwamba ngati nkhuku yomwa madzi. Ayi ndithu. Mtsikana wathuyu, wophunzira za nyenyezi, kumwamba ankayang'anako mwa apo ndi apo, makamaka pofuna kudziwa ngati atenge ambulera. Ntchito yake inali ya pampando, m'chipinda cha pamwamba penipeni pa nyumba yosanja ya sukulu yaukachenjede, maso ali pa kompyuta kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Anzake a m'chipindamo anamupatsa dzina loti Nkhono. Sikuti ankayenda pang'onopang'ono. Nkhani inali yakuti munthu akangoyandikira tebulo lake, iye ankapinda kompyuta n'kulowa m'chigoba. Dzinalo linamukakamira mpaka mlonda wa pageti ankati, "Mwadzuka bwanji a Nkhono," osadziwa n'komwe kuti ndi lachipongwe. Mwini wake sanadandaule. Kudandaula kumafuna kuyankhula, ndipo kuyankhulako ndi kumene iye sankafuna.

Tsono ntchito yake inali yotere. Nyenyezi iliyonse mumaionayo ndi dzuwa, kungoti lili kutali. Zina mwa nyenyezizo zili ndi maiko awo ozizungulira, monga lathuli lizungulira dzuwa lathu. Ophunzira amati mapulaneti. Maikowo saoneka, ngakhale pa telesikopu, chimakina chachikulu chija choonera zakuthambo.

Chimene akatswiri amachita ndi kuyeza kuwala kwa nyenyezi. Dziko likamadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake, kuwalako kumachepa pang'ono, ngati ntchentche yadutsa pa babu la nyumba ya patsidya. Pa kompyuta kuwala kumaoneka ngati mzere woongoka, ndipo dziko likadutsa mzerewo umachita kadzenje. M'chipinda muja ankangoti nyenyezi yaphethira.

Nkhono anali ndi nyenyezi yake. Inalibe dzina, inali ndi nambala yaitali ngati ya foni, ndipo inali itaphethira kawiri. Koyamba anakupeza m'zoyeza zakale zimene anthu ena anaunjika n'kuziiwala. Kachiwiri anadikira chaka chathunthu ndi miyezi, n'kudzionera yekha pa telesikopu ya sukulu yawo. Koma a Pulofesa, mkulu amene ankayang'anira kafukufuku wake, anali ndi lamulo lawo: kamodzi ndi ngozi, kawiri ndi mphekesera, katatu ndi umboni.

Kuphethira kwachitatuko kunali kudzachitika Lachisanu la sabata imeneyo. Kukamuphonya, dzikolo likanadzadutsanso patapita chaka china ndi miyezi, pamene nthawi yake ya maphunziro inali kutha chaka chomwecho. Zaka zonse zimene anathera pa nyenyezi imodzi zikanangothera m'mphekesera.

Lachitatu m'mawa anakhala pansi kuti atsimikize ola lenileni. Anawerengera, n'kubwereza. Anapita kukasamba kumaso n'kudzabwerezanso. Yankho silinasinthe. Kale ankayesa kuti dzikolo lidzadutsa usiku, koma masamu atsopanowa, amene anali olondola kuposa akale aja, ankati lidzadutsa masana, dzuwa lili paliwombo. Masana telesikopu ndi chitsulo chabe. Nyenyezi zimakhala zilipo, koma kuwala kwa dzuwa kumaziphimba zonse.

Pa tebulo loyandikana ndi lake pankakhala mnyamata wina wophunzira naye, amene ankamutchula kuti Wailesi chifukwa pakamwa pake panalibe pozimitsira. Iyeyu anaona kuti mnzake wauma ngati chitsa.

"Asisi, mwaona mzukwa pa kompyutapo? Tationetsani nafenso, tiope limodzi."

Nkhono anapinda kompyuta. "Palibe kanthu."

"Palibe kanthu wa masiku onse uja," anatero Wailesi, n'kubwerera ku ntchito yake akuimba mluzu.

Njira inalipo, koma imodzi yokha. Kuno kukakhala masana, kuseri kwa dziko lathu kumakhala usiku. Kumeneko kunali phiri lalitali lokhala ndi telesikopu, ndipo Nkhono ankadziwa munthu mmodzi wogwira ntchito pamenepo.

Anakumana naye chaka chapitacho ku msonkhano wa akatswiri, mu holo yozizira ngati m'firiji. Nkhono ankanjenjemera mano gwegwegwe, ndipo mtsikana wina wachilendo amene anakhala naye pafupi anavula juzi n'kumufunditsa, osafunsa n'komwe dzina. Mufoni anamusunga kuti Mwini Juzi. Mtsikanayo ankatumiza moni kawirikawiri, pena chithunzi cha mitambo ili pansi pa phiri. Nkhono ankayankha ndi mawu amodzi kapena awiri, akakumbukira.

2. Kabati ya a Pulofesa

Ofesi ya a Pulofesa inali kumapeto kwa khonde lalitali. Chitseko chinali ndi maloko awiri, makatani anali otseka chaka chonse, ndipo mkati munkanunkhira mapepala akale ndi mankhwala opaka m'mawondo. Mkuluyu ankadyera momwemo nkhomaliro, yekha, atatseka chitseko.

Nkhono anafotokoza za masamu aja. A Pulofesa anavala magalasi, anayang'ana, anagwedeza mutu. Masamu anali olondola. Koma mtsikanayo atangotchula za phiri lija ndi mnzake uja, mkuluyo anadzuka, anasuzumira pakhonde, n'kukhoma chitseko.

"Khala pansi, mwana wanga. Ine ndili msinkhu wakowo ndinali ndi mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Tinkagona chipinda chimodzi. Jekete lopitira ku misonkhano linali limodzi, tinkachita kubwerekana. Tsiku lina tikumwa tiyi ndinamuuza za nyenyezi ina imene ndinaiona ikuchita zachilendo. Ndinangotchula nambala ndi pakamwa, supuni ili m'manja. Iye anangoti, 'Oo, zosangalatsa,' n'kundipempha shuga.

"Patapita miyezi ndinatsegula magazini ya akatswiri n'kupeza nyenyezi yanga ili pamenepo, dzina la mnzangayo lili pamwamba. Langa ndinalisaka mpaka kumapeto, m'timalemba ting'onoting'ono ta anthu othokozedwa. Munalibe. Lero munthu ameneyo amamuimirira akalowa mu holo. Ine ndili muno ndi mawondo angawa.

"Ntchito yathuyi ilibe wachiwiri. Woyamba kulengeza ndiye mwini wake, wachiwiri ndi wongoomba m'manja. Nambala ya nyenyezi ndi kiyi wa nyumba yako. Ukampatsa munthu, usadabwe kumupeza atakhala pampando wako, mapazi ali patebulo. Ukuti mtsikanayo ndi wabwino. Mwina ndi wabwinodi, ine sindikumudziwa. Koma ali ndi abwana ake, abwanawo ali ndi njala yawo, ndipo telesikopu ndi yawo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Kuphethira kuwiri uli nako. Sunga kumeneko, ndipo usauze munthu."

"Nanga nthawi yanga ikatha, a Pulofesa?" anafunsa Nkhono.

"Nyenyezi sithawa. Udzalemba za zinthu zina zazing'ono, setifiketi udzalandira. Yakoyo ndikusungira ine."

Anatsegula kabati yachitsulo ya pakona. Munali mafayilo afumbi, omanga ndi timphira totha mphamvu. Anawasisita ngati munthu wosisita ana ogona.

"Zonsezi ndi zanga, zophethira kawiri. Palibe anandiberako ngakhale imodzi. Zina zakhala muno iwe usanabadwe."

Anayankhula monyadira, koma Nkhono anachita mantha. Anathokoza, n'kutuluka. Ali pakhonde anamva maloko awiri aja akukhomedwa kumbuyo kwake.

3. Kapu imodzi

Lachinayi madzulo, pofika kunyumba imene ankachita lendi, anapeza bambo ake atakhala pa sitepe ya pakhomo, chipewa chili pabondo. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo anabwera m'tauni kudzasinthitsa magalasi. Anali atamuimbira foni kangapo, koma foniyo inali m'chikwama, itatsekedwa pakamwa.

"Ndimati mwina amayi anasamukira ku nyenyezi zawo osatsanzika," anatero mkuluyo. Mwana wawo wamkaziyu, mzime wawo, ankakonda kumuitana choncho kuti amayi.

Chipinda chinali chaching'ono koma chaudongo. Munali bedi, tebulo, mpando umodzi ndi mulu wa mabuku. Nkhono anawapatsa mpandowo, iye n'kukhala pabedi. Anawiritsa madzi, anadula buledi, anawathira tiyi.

"Nanga iwe sumwa?"

"Imwani kaye, bambo. Ndimwa mukamaliza."

Mkuluyo anayang'ana pashelefu. Panali mbale imodzi, supuni imodzi, ndi mbedza yopanda kanthu pamene pankapachikidwa kapu imene inali m'manja mwawo. Anamwa tiyi pang'ono. Anafunsa za ntchito, ndipo mwanayo anati ikuyenda. Anafunsa dzina la nyenyezi imene imamusowetsa tulo, kuti akanyadire kwa anzawo opuma ntchito. Nkhono anati zimenezo sizinenedwa.

Bambowo anaseka mpaka kutsokomola. "Ine ndikaba nyenyezi? Ndikwera pa chiyani, makwerero a aneba?"

Kenako kuseka kunatha. Anaika kapu patebulo.

"Mwana wanga, ine za kumwamba sindizidziwa, koma ana ndawaphunzitsa mpaka tsitsi kuyera. M'kalasi iliyonse munkakhala mmodzi wophimba kope lake ndi mkono kuti anzake asaone. Kawirikawiri ankakhala wanzeru, ndipo ankakhozadi. Koma tsiku limene wadwala, palibe ankamulembera notsi. Ndinkamuona pa nthawi yopuma ataima pakhoma yekha, akudya atatembenukira kumbali. Ndinkamumvera chisoni mwana wa eni ake. Sindinkadziwa kuti wina ndikulera m'nyumba mwanga.

"Mayi ako ali moyo, m'nyumba mwathu makapu ankasweka chifukwa cha alendo, ndipo ankadandaula mokondwa. Iwe pano uli ndi kapu imodzi. Ndiye kuti pakhomo pano sipanafikepo munthu, ndipo sukuyembekezera kuti padzafika munthu. Mkulu wako anabereka, mwana wayamba kuyenda, koma iwe, mayi ake aang'ono, amangokudziwira pa chithunzi cha pakhoma. Akuti ukusaka maiko ena. Chabwino, saka, ine ndimanyadira. Koma ukalipeza udzauza ndani? Kalikokha nkanyama, amayi.

"Sindikuti uzimwaza zako pamsewu ngati chitsiru. Anthu akuba alipo, ndawaona. Koma mankhwala a wakuba si kukhala wekha mumdima. Wakuba amakonda munthu woyenda yekha. Chinthu chikakukulira, itana anzako ukhale nawo pansi, mufunsane. Safunsa anadya phula."

Nkhono anangoti zyoli, akukanda ulusi wa bulangete. Akanatha kunena zonse, za masana, za phiri, za kabati ija. Koma chizolowezi ndi chinthu choopsa. Anangoti, "Ndamva, bambo."

Anawaperekeza pokwerera basi. Mkuluyo atakhala pawindo anatulutsa mutu nati, "Ukalipeza dziko lakolo ukafunse ngati kuli mvula yabwino. Mwina n'kusamukira komweko." Basi inanyamuka. Nkhono anabwerera kuchipinda kwake, anatsuka kapu ija n'kumwera tiyi wozizira ataimirira.

4. Pa masitepe a kuseri

Lachisanu kunacha bwino, kopanda ngakhale kamtambo. Tsiku lotere akatswiri a nyenyezi amalikonda, koma Nkhono analiyang'ana ngati mdani.

Sanapite kutebulo lake. Anazungulira ku masitepe a kuseri, kumene oyeretsa amasungirako zidebe ndi zokolopera, n'kukhala pa sitepe, foni ili m'manja. Kuseri kwa dziko kunali kukuda. Mwini Juzi anali atatumiza chithunzi cha dzuwa likulowa, ndi mawu akuti sabata imeneyo ali pa ntchito kuphiri.

Nkhono analemba nambala ya nyenyezi, anafufuta, analembanso. Ali mkati mochita zimenezo anamva mluzu ukukwera masitepe. Anali Wailesi, atanyamula mabanzi m'pepala.

"Ohoo, ndiye kobisalira chibwenzi ndi kuno? Ndani mlamu wathuyo?"

Nkhono anabisa foni pansi pa chikwama. Wailesi anaima n'kumuyang'anitsitsa.

"Asisi, zoseka pambali. Kuyambira Lachitatu mukuoneka ngati mwameza mwala. Ngati ndi za ntchito, tilipo anayi m'chipinda muja. Tikhoza kukhala pansi, kapena kukaonana ndi a Pulofesa tonse pamodzi. Mkulu uja amaopsa ukakhala wekha."

Mtsikanayo anatsegula pakamwa. Mnyamatayo anadikira, ndipo kudikira sikunali khalidwe lake.

"Palibe kanthu," anatero Nkhono.

Wailesi anamusiyira banzi limodzi pa sitepe n'kupitiriza kukwera. Mluzu sunamvekenso.

Apa ndi pamene mtsikana wathu anasankha. Kuti dziko lake lidutse popanda diso loliona, n'kukagona m'kabati yafumbi, anakana. Pamenepo sitingamudzudzule. Koma anachita mwa chinkhono chake. Sanagwiritse ntchito keyala ya imelo ya sukulu imene mauthenga ake amasungidwa. Sanauze a Pulofesa, sanauze Wailesi, sanapangane kanthu ndi wina aliyense. Analemba pa foni yake, pakati pa zidebe, nambala ya nyenyezi ndi nthawi yake, n'kuwonjezera kuti, "Chonde ndionere. Kuno ndi masana." Anatseka maso n'kutumiza.

Yankho silinachedwe. "Mpaka wayankhula mawu opitirira awiri! Kuno kumwamba kuli mbee, ndipo pali mpata. Telesikopu ndiitembenuza. Abwana ako akudziwa?"

Nkhono anayankha kuti, "Usauze munthu."

5. Dzuwa lili paliwombo

Lachisanu lililonse a m'chipinda muja ankapita kukadya limodzi, n'kupitirira ku bwalo la masewero osabwereranso ku ntchito. Kale ankamuitana Nkhono kuti apite nawo, koma anatopa. Tsiku limeneli anatuluka akukangana za mpira, ndipo womaliza anangoti, "Mukazimitsa magetsi potuluka."

Anatsala yekha ndi mipando. Ketulo inali itazizira. Kompyuta ya Wailesi inali yosatseka monga mwa masiku onse, manambala ake onse ali poyera ngati zovala pa chingwe.

Anapita pawindo. Pansi anthu ankayenda awiriawiri, ena atatu, wina atakwezana ndi mnzake panjinga. Kumwamba kunali kotuwa ndi kuwala. Iye ankadziwa bwino pamene nyenyezi yake inali, pamwamba pang'ono pa thanki ya madzi ya nyumba yoyang'anana nayo. Anayang'ana pamenepo mpaka maso kuwawa. Panalibe choona.

Anasungulumwa kwambiri, kuposa tsiku lina lililonse chibwerere pasukulupo. Tsiku limene analidikira zaka linali litafika, ndipo iye anali ngati munthu woima kunja kwa mpanda pa ukwati wake womwe.

Foni inanjenjemera. "Mzere wayamba kutsika."

Anakhala pansi, anaimirira, anakhalanso. Anadya banzi lija osamva kukoma. Anasesa tebulo lake, n'kusesanso la Wailesi, chinthu chimene anali asanachitepo. Dzuwa linasuntha kuchoka paliwombo, mthunzi wa nyumba unayamba kutalika pabwalo.

Uthenga wachiwiri unafika dzuwa litapendeka. "Wakweranso. Kadzenje kooneka bwino, ngakhale mwana wa pulayimale akhoza kukaloza. Dziko lako lilipo, mnzanga."

Nkhono anawerenga kawiri. Anadzuka mofulumira mpaka mpando kugwa, anatembenuka kuti auze munthu. Munali matebulo, majekete oiwalika ndi kalendala ya pakhoma.

"Lilipo," anauza mipandoyo.

Mawu ake anamveka achilendo m'chipinda chopanda anthu. Anadzutsa mpando uja, anakhala, ndipo analira pang'ono, chimwemwe ndi chisoni zitasakanikirana. Atapukuta misozi analemba kuti, "Zikomo kwambiri. Nditumizire zoyezazo."

Paja mawu okha si umboni. Popanda manambala a pa telesikopu ija, kuphethira kwachitatu kunali nkhani yongomva. Anatsegula kompyuta n'kudikira.

6. Chitseko cha maloko awiri

Zoyeza sizinabwere. Anatumizanso uthenga, ndipo foni inaonetsa kuti wawerengedwa. Yankho, zii. Anaganiza kuti mwina netiweki ya kuphiri yavuta. Anazimitsa foni n'kuiyatsanso, monga timachitira tonse tikasowa chochita.

Kenako foni inalira. Aka kanali koyamba kumva mawu a Mwini Juzi chichokere ku msonkhano uja. Ankayankhula motsitsa, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka mphepo.

"Ndatuluka panja kuti asandimve. Tamvera, zinthu zavuta. Abwana anga analowa ndisanatseke. Anafunsa chifukwa chimene telesikopu yaloza kumene sitinagwirizane, ndiye anaona mzere uja. Munthuyo wakhala pa ntchitoyi zaka zambiri, sanachite kufunsa kuti n'chiyani."

"Unawauza kuti ndi yanga?"

"Ndinawauza. Ndinabwereza kangapo. Iwo akuti chilichonse choonedwa pa telesikopu ino ndi cha gulu lino, pokhapokha ngati panali pangano pakati pa gululi ndi sukulu yako. Andifunsa ngati pangano lilipo. Ndinati palibe. Andifunsa ngati abwana ako anapempha. Ndinati ayi. Zoyeza zonse azitsekera, ine sindingathe kuzitsegula, ndipo mwina mawa lino ndikhala ndilibe ntchito."

Nkhono anagwira m'mphepete mwa tebulo. Za ntchito ya mnzakeyo anali asanaziganizireko n'kamodzi komwe, ndipo anachita manyazi.

"Pepa," anatero. "Ndakuika m'mavuto."

"Za pepa tidzakamba. Pano mvetsera. Aitanitsa kale anthu awiri kuti asake m'zoyeza zakale. Nambala ali nayo, ndiye ngati muli kadzenje kena, kukapeza sikutenga nthawi. Akangokapeza alemba n'kulengeza, ndipo amalemba mofulumira anthu amenewa. Alipo wina kumeneko amene angaikire umboni kuti nyenyeziyi unayamba ndiwe? Anzako a mu ofesi anaionapo?"

Nkhono anayang'ana matebulo aja limodzi ndi limodzi. Zaka zonsezi panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuonetsa ngakhale kangodya ka mzere wake.

"Mmodzi yekha," anayankha. "A Pulofesa."

"Ndiye thamanga. Awaimbire abwana anga lero lomwe, akuluakulu okhaokha. Ine mbali yanga ndachita."

Foni inaduka.

Nkhono anatenga kompyuta yake n'kuikumbatira pachifuwa. Khonde lija analiyenda kambirimbiri, koma tsiku limeneli linatalika. Maofesi onse anali otseka, anthu ataweruka. Pansi pa chitseko cha kumapeto pokha ndi pamene pankatuluka kuwala kwa getsi.

Anaima. Munthu yekhayo amene akanatha kumupulumutsira dziko lake anali yemwe uja anamuletsa, atakhoma chitseko, kuti asauze munthu. Miyendo inkafuna kubwerera. Anakweza dzanja n'kugogoda.

Mkati munamveka mpando ukukhukhuluzika, kenako mapazi olemera. Loko woyamba anatseguka, wachiwirinso. A Pulofesa anasuzumira, magalasi ali pamphumi, nyenyeswa za buledi zili pamalaya. Anayang'ana nkhope ya mtsikanayo, anayang'ana foni imene inali m'dzanja lake. Sanamuuze kuti alowe.

"Wauza ndani?"